Tiwerenge makalori kapena tisiye nsima? Mayankho a mafunso anu pa nkhani yochepetsa thupi

Makalata ambiri amene atipeza mwezi uno akuzungulira nkhani imodzi: munthu wofuna kuchepetsa thupi ayambire pati, kuwerenga mphamvu ya m'chakudya kapena kusiya nsima, mpunga ndi buledi? Tasankhapo angapo n'kuwafupikitsa. Mayina tawachotsa.

Ndili ndi zaka 38, kutalika kwanga ndi masentimita 160, ndipo sikelo ikuonetsa makilogalamu 85. Mnzanga wa kuntchito akuti ndiike pulogalamu yowerengera makalori pa foni. Alamu anga okhala ku Joni akuti kumeneko n'kutaya nthawi, ndingosiya nsima, mpunga, buledi ndi shuga ndiyambe Banting. Onse awiri anachepadi thupi. Ndimvere ndani?
*Mayi wa ku Area 25, Lilongwe*

Mayi, palibe amene akukunamizani, ndipo chimene chinawachepetsa thupi onse awiriwo n'chimodzi. Kalori ndi muyeso wa mphamvu imene ili m'chakudya. Thupi likalandira mphamvu yoposa imene lagwiritsa ntchito, yotsalayo limaisunga ngati mafuta. Likalandira yopereŵera, limatapa pa mafuta aja. Mnzanu wa kuntchito anachepetsa mphamvuyo poŵerenga. Alamu anu anaichepetsa osaŵerenga, chifukwa munthu akachotsa nsima, buledi, mandasi, tchipisi, Sobo ndi shuga wa mu tiyi, ndiye kuti wachotsa gawo lalikulu la zimene amadya pa tsiku. Komanso mazira, nsomba ndi nyama zimene amadya m'malo mwake zimakhalitsa m'mimba, choncho njala siimubwerera msanga.

Manambala oti muwasunge m'mutu ndi awa. Galamu imodzi ya sitachi, chokhutitsa chija cha mu nsima, mpunga ndi buledi, kapena ya shuga ili ndi makalori 4. Galamu imodzi ya mapuloteni, zomanga thupi zija, ilinso ndi 4. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi 9, ndipo ya mowa weniweni wa m'chakumwa ili ndi 7. Mafuta ndiwo olemera kwambiri, ngakhale kuti mlandu wonse anthu amaukankhira kwa nsima.

Njira ziwirizi zinayesedwapo poyera. Mu 2018, ofufuza a pa yunivesite ya Stanford ku America, motsogozedwa ndi Christopher Gardner, anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 609 onenepa. Gulu lina analiuza kuti lichepetse sitachi ndi shuga, lina lichepetse mafuta, kwa chaka chathunthu. Onse anawalangiza kuti azidya masamba ambiri, asiye shuga ndi ufa wopuntha kwambiri, aziphika okha kunyumba. Chaka chitatha, ochepetsa sitachi anali atataya makilogalamu 6 aliyense tikagawa mofanana, ochepetsa mafuta makilogalamu 5.3. Kusiyanako n'kochepa zedi. Chimene chinasiyana kwambiri ndi anthu a m'gulu limodzi lomwelo: ena anataya makilogalamu opitirira 20, ena ananenepa kuposa poyamba. Amene anapirira pa kadyedwe kawo ndiwo anapindula, kaya anali gulu liti.

Banting amene alamu anu akunenayo dzina lake linachokera kwa William Banting wa ku London, amene mu 1863 analemba za mmene anachepetsera thupi posiya buledi, shuga, mowa ndi mbatatesi. Ku South Africa kadyedweka kanatchuka chifukwa cha pulofesa Tim Noakes wa ku Cape Town, n'chifukwa chake abale athu a ku Joni amabwera nako. Kokhwima kwambiri ndi kaja amati keto, komwe munthu sapyola magalamu 50 a sitachi ndi shuga pa tsiku. Mtanda umodzi wa nsima wokha umangotsala pang'ono kufika pamenepo.

Ife tikanakhala inu, pakhomo poti mphika ndi umodzi ndipo ana ndi abambo akudya nsima kawiri pa tsiku, sitikanaisiyiratu nsima. Anthu ambiri oisiyiratu amapirira mwezi umodzi kapena iwiri, kenako amabwerera ndi njala yaikulu. Werengani makalori kwa masabata awiri okha kuti maso atseguke, muone kumene mphamvu yambiri ikulowera. Mukatero chotsani zakumwa za shuga, chepetsani mafuta ophikira, ndipo mitanda ya nsima muitsitse kufika pa umodzi nthawi iliyonse ya chakudya. Pamenepo mwatenga chabwino cha mnzanu ndi chabwino cha alamu anu.

Mapulogalamu a pa foni ali ndi zakudya zachizungu zokhazokha. Nsima ya mkazi wanga ilibe chizindikiro cha makalori. Ndiwerenge bwanji, ndipo ndizidya angati pa tsiku?
*Bambo wa ku Chinamwali, Zomba*

Bambo, yambani ndi kudziwa zimene thupi lanu limagwiritsa ntchito. Pali masamu amene akadaulo a zakudya amagwiritsa ntchito, otchedwa Mifflin-St Jeor. Chulukitsani makilogalamu anu ndi 10. Chulukitsani kutalika kwanu m'masentimita ndi 6.25. Phatikizani ziwirizo, kenako chotsanipo zaka zanu mutazichulukitsa ndi 5. Mwamuna awonjezere 5, mkazi achotse 161. Titenge mayi a ku Area 25 aja: 850 kuphatikiza 1,000, kuchotsa 190, kuchotsanso 161, zikutipatsa 1,499. Imeneyo ndi mphamvu imene thupi lawo limatentha ngakhale atagona tsiku lonse, popuma, poyendetsa magazi ndi potenthetsa thupi. Wogwira ntchito yokhala pampando achulukitse nambalayo ndi 1.4, woyenda ndi kuimirira tsiku lonse ndi 1.6, wolima ndi khasu kapena wopalasa kabaza ndi 1.8 kapena kuposerapo. Mayi aja ndiye kuti amagwiritsa ntchito makalori pafupifupi 2,100 pa tsiku. Akachotsapo 500, azidya 1,600.

Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi ili ndi makalori pafupifupi 7,700. Kupereŵeza 500 tsiku lililonse kumachotsa pafupifupi theka la kilogalamu pa sabata, makamaka miyezi yoyamba. Musatsike pansi pa 1,500 inu abambo, kapena 1,200 amayi, popanda achipatala kukuyang'anirani.

Tsopano nsima. Musavutike kuyeza nsima yophika kale, chifukwa wina amaphika yolimba, wina yofewa, ndipo madzi alibe makalori. Yezani ufa. Gulani kasikelo ka kukhitchini, kaja kokhala ndi mabatire. Mayi asanayambe kuphika, yezani beseni la ufa, ndipo akamaliza muliyezenso. Kusiyana kwakeko ndiwo ufa umene walowa mumphika. Magalamu 100 a ufa wa chimanga ali ndi makalori pafupifupi 360. Ngati mwalowa ufa wa magalamu 500, mphika wonsewo ndi makalori 1,800. Akaomola mitanda 8, uliwonse ndi 225. Wodya mitanda itatu masana ndi itatu madzulo walandira 1,350 kuchokera ku nsima yokha, ndiwo asanaziŵerenge. Mukayeza kawiri kapena katatu mudzadziwa mtanda wa chipande cha pakhomo panu, ndipo simudzafunikanso kuyeza.

Pamene anthu ambiri amasocherera ndi pa mafuta ophikira, chifukwa saoneka pambale. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ndi makalori 120, ndipo ophika athu sathira ndi supuni, amangopendeketsa botolo. Njira yapafupi ndi kuyang'ana masiku amene botolo limatha. Botolo la malita awiri lili ndi makalori oposa 16,000. Banja la anthu asanu likamalitha m'masabata awiri, aliyense akumwa makalori pafupifupi 235 pa tsiku, ofanana ndi mtanda wina wa nsima umene sanauone. Chitaninso chimodzimodzi ndi shuga: paketi ya kilogalamu imodzi ndi makalori pafupifupi 4,000.

Zina zoti mulembe pakhoma la kukhitchini: dzira lowiritsa limodzi ndi makalori 75, nthochi yapakatikati 100, mpunga wophika magalamu 100 ndi 130, nyemba zophika magalamu 100 ndi 130, mbatata yowiritsa magalamu 100 ndi pafupifupi 85, mtedza magalamu 100 ndi 570, supuni yaing'ono ya shuga yosasefukira ndi 16. Masamba monga mpiru, repu, bonongwe, chisoso ndi nkhwani musavutike nawo, makalori ake ndi ochepa kwambiri. Ŵerengani mafuta kapena nsinjiro zimene zathiridwamo.

Pa zakudya za m'mapaketi samalani zinthu ziwiri. Katundu wambiri, makamaka wochokera ku South Africa, amalemba kJ osati kcal. Gawani nambalayo ndi 4.2 kuti mupeze makalori. Onaninso ngati nambalayo ndi ya magalamu 100 kapena ya paketi yonse.

Kuŵerenga kumalephera chifukwa cha kuiŵala. Kafukufuku wina wa ku New York wa mu 1992 anayeza anthu amene ankadandaula kuti amadya pang'ono koma sachepa thupi. Anapeza kuti zimene ankalemba zinali zopereŵera ndi pafupifupi theka pa zimene ankadyadi. Sikuti ankanama dala. Kulawa ndiwo pophika, kumaliza phala la mwana, chitumbuwa cha pa depoti, chimanga chootcha cha panjira, zonsezi sizikumbukika madzulo. Lembani nthawi yomweyo, ndipo Loweruka ndi Lamlungu muzilembanso, chifukwa masiku awiri amenewa amatha kubweza zonse zimene mwachepetsa mkati mwa sabata.

Nditasiya nsima ndi buledi, sabata yoyamba ndinataya makilogalamu atatu. Sabata yachiwiri sikelo inangoima. Kenako ndinapita ku ukwati, ndinadya mpunga ndi keke, m'mawa mwake makilogalamu awiri anali atabwerera. Kodi thupi langa lili ndi vuto?
*Mtsikana wa ku Katoto, Mzuzu*

Achemwali, thupi lanu lilibe vuto. Thupi lili ndi nkhokwe ziwiri. Yaikulu ndi mafuta. Yaing'ono ili m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo imasunga shuga wapadera wotchedwa glycogen, pafupifupi theka la kilogalamu mwa munthu wamkulu. Galamu iliyonse ya shuga ameneyu imasungidwa pamodzi ndi madzi pafupifupi magalamu atatu. Mukasiya sitachi, thupi limayamba latapa m'nkhokwe yaing'onoyo, ndipo madzi aja amatuluka ndi mkodzo. Impso nazonso zimataya mchere wambiri masiku amenewo, ndipo mchere umapita ndi madzi. N'chifukwa chake munkakodza pafupipafupi. Pa makilogalamu atatu aja, ambiri anali madzi. Mpunga wa ku ukwati unadzazanso nkhokwe yaing'ono ija, madzi n'kubwerera. Kuti munenepe makilogalamu awiri a mafuta enieni usiku umodzi, mukanafunika kudya makalori oposa 15,000 pamwamba pa chakudya chanu cha tsiku, zomwe palibe angathe.

Muziyeza thupi m'mawa mutachoka kuchimbudzi, musanadye, pa sikelo imodzimodzi, katatu pa sabata, kenako muzifananiza sabata ndi sabata inzake. Masiku oyandikira kusamba thupi la mkazi limasunga madzi okwana kilogalamu imodzi kapena ziwiri, choncho musakhumudwe nawo. Tepi ya atelala imanena zoona kuposa sikelo. Yezani mimba pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, mutatulutsa mpweya. Cholinga n'chakuti muyeso umenewo ukhale wosafika theka la kutalika kwanu: wamtali masentimita 160 asapyole 80.

Papita miyezi itatu ndisanakhudze nsima, mpunga kapena buledi. Ndimadya nyama ya pa chiwaya, mazira okazinga, mapeyala, mtedza ndi chiponde. Mwezi woyamba ndinachepa, koma tsopano palibe chikusintha. Komanso ndimadzimbidwa, mutu umandiwawa, ndipo mkazi wanga akuti m'kamwa mukununkha. Ndikulakwitsa pati?
*Bambo wa ku Ndirande, Blantyre*

Achimwene, mwatseka khomo la sitachi koma la mafuta mwalisiya pululu. Tiyeni tiŵerenge. Manja awiri odzaza mtedza wokazinga, magalamu 100, ndi makalori 570, kuposa mitanda iwiri ya nsima. Peyala lalikulu la kwathu kuno limatha kukhala ndi mnofu wa magalamu 300, ndipo amenewo ndi makalori pafupifupi 480. Supuni yaikulu ya chiponde ndi pafupifupi 95. Nyama ya pa chiwaya imasambira m'mafuta, ndipo nkhumba yonona ili kale ndi mafuta akeake. Munthu angathe kufika makalori 2,500 pa tsiku osakhudza nsima. Mawu oti mukasiya sitachi mungadye mafuta mmene mungafunire ndiwo akukupwetekani. Ofufuza a ku National Institutes of Health ku America, motsogozedwa ndi Kevin Hall, anasunga anthu m'chipatala n'kumawayezera chakudya chilichonse. Makalori atachepetsedwa mofanana, ochotseredwa sitachi sanataye mafuta a m'thupi ambiri kuposa ochotseredwa mafuta.

Pali chinanso chimene chimaimitsa sikelo, ndipo chimagwera aliyense, woŵerenga ndi wosiya nsima yemwe. Thupi likachepa limagwiritsa ntchito mphamvu yochepa, pafupifupi makalori 20 mpaka 30 pa kilogalamu iliyonse imene yachoka, pomwe njala imakwera kuposa pamenepo. Munthu amayamba kuwonjezera pang'onopang'ono osadziwa. Mukataya makilogalamu asanu aliwonse, bwerezani masamu aja ndipo muŵerenge chakudya chanu kwa sabata imodzi.

Kudzimbidwako kukubwera chifukwa mwachotsa mgaiwa, nyemba ndi zipatso, zomwe zili ndi faiba, timinyeminye ta m'zomera timene thupi siligaya koma timafeŵetsa chimbudzi. Mutu ndi kukokana kwa minofu zimachokera ku kutaya madzi ndi mchere. Fungo la m'kamwa ndi la zinthu zotchedwa ketone zimene chiwindi chimapanga sitachi ikasoŵa, ndipo mswachi sulichotsa. Bwezerani nyemba, nandolo kapena khobwe kapu imodzi pa tsiku. Masamba adzaze theka la mbale, therere likhalepo kawirikawiri, ndipo muzimwa madzi okwanira kuti mkodzo uzikhala woyera. Nyama muziwotcha kapena kuwiritsa, ndipo masiku ena muzidya usipa, utaka kapena chambo. Mtedza usapyole dzanja limodzi, peyala theka.

Tikupemphaninso kuti mukayezetse mafuta a m'magazi. Anthu ena akamadya mafuta a nyama ambiri, kolesterolo woipa uja wotchedwa LDL amakwera kwambiri ngakhale thupi likuchepa, ndipo ameneyo ndiye amatseka mitsempha ya mtima. Ngati muli ndi vuto la impso, kadyedwe ka nyama yambiri musakapitirize musanaonane ndi dokotala.

Ndinasiya ufa woyera, ndikudya mgaiwa. Ndinasiya shuga, ndikuthira uchi. Buledi ndi wabulauni. Kodi sizokwanira?
*Mayi wa ku Kasungu*

Mayi, mgaiwa mwasankha bwino, koma chifukwa chake si makalori. Ufa wa mgaiwa ndi ufa woyera uli ndi mphamvu yofanana pafupifupi. Mgaiwa umapambana chifukwa gaga ndi mtima wa chimanga zimakhala momwemo, choncho uli ndi faiba ndi mavitamini amene amatayika pokonola ndi poviika mphale, ndipo umakhalitsa m'mimba. Mitanda itatu ya mgaiwa ndi mitanda itatu basi. Buledi wabulauni chimodzimodzi. Uchi ndi shuga ndithu, ndipo supuni yake ili ndi makalori ochulukirapo kuposa supuni ya shuga chifukwa ndi wolemera.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti shuga wothira, kuphatikizapo uchi ndi majuwisi, asapyole magalamu 50 pa tsiku kwa munthu wamkulu, ndipo ndi bwino kwambiri atakhala pansi pa 25. Botolo limodzi la chakumwa chozizira cha shuga la mamililita 500 limafika kale pafupifupi magalamu 50. Thobwa ndi maheu othira shuga muziŵerengenso. Zakumwa ndiye poyambira pabwino, chifukwa mphamvu yolowa ndi kumwa siikhutitsa: munthu amamwa makalori 200 n'kudyabe nsima yake yonse.

Ndili ndi matenda a shuga ndipo ndimamwa metformin ndi glibenclamide. Mwana wanga akuti ndisiyiretu nsima. Ndiyambe?
*Bambo wa zaka 56, Mangochi*

Bambo, musayambe musanakaonane ndi achipatala amene amakupatsani mankhwala. Glibenclamide amakakamiza thupi kutulutsa insulini, imene imatsitsa shuga wa m'magazi, kaya mwadya kapena simunadye. Mukasiya nsima mwadzidzidzi mankhwala ali omwewo, shuga amatha kutsika kwambiri. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta lozizira, mtima kugunda mwamphamvu, njala yadzaoneni, kusokonezeka mutu, mpaka kukomoka. Obaya jakisoni wa insulini ali pa chiopsezo chomwecho. Zikakuchitikirani, imwani msanga madzi osungunuliramo masupuni aang'ono anayi a shuga, ndipo pakatha mphindi 15 mudye chakudya. A pakhomo panu adziwenso zimenezi, komanso adziwe kuti munthu wokomoka samwetsedwa kanthu, amathamangira naye kuchipatala. Metformin payekha satsitsa shuga mwa njira imeneyi kawirikawiri. Pali mankhwala ena atsopano monga empagliflozin ndi dapagliflozin, ndipo omwa amenewa asayese keto, chifukwa magazi amatha kuchita asidi woopsa ngakhale makina akuonetsa shuga wabwinobwino.

Zimenezi tazinena kuti muyambe mosamala, chifukwa mwana wanu ali ndi mfundo. Kwa wodwala shuga, kuchepetsa sitachi kuli ndi phindu lapadera: sitachi ndiyo imakweza shuga wa m'magazi mukangotha kudya. Mtanda umodzi wa mgaiwa ndi ndiwo zambiri umakweza shuga pang'ono kuposa mitanda itatu ya ufa woyera. Yambani ndi masamba ndi ndiwo, nsima ibwere pambuyo, ndipo mukatha kudya yendani mphindi 10 kapena 15. Ngati muli ndi kamakina koyezera, yezani musanadye ndiponso pakatha maola awiri, mulembe m'kabuku kuti adokotala akaone pokonzanso mankhwala.

Kuchepa thupi kwenikweniko ndiko kumathandiza koposa. Ku Britain, kafukufuku wotchedwa DiRECT, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2017, anathandiza odwala shuga a mtundu wachiwiri kuchepetsa thupi moyang'aniridwa ndi achipatala. Chaka chitatha, 46 pa 100 alionse shuga wawo anali atabwerera m'malo popanda mankhwala, ndipo mwa amene anataya makilogalamu 15 kapena kuposa, anali 86 pa 100. Onsewo anali asanathe zaka 6 chiwapezereni matendawa. Omwa mankhwala a BP nawonso aziyezetsa pafupipafupi, chifukwa thupi likachepa BP imatsika, ndipo chizungulire poimirira chimasonyeza kuti mankhwala akufunika kuunikanso.

Kadyedwe konseka kakuoneka ngati n'ka anthu a ndalama. Ine nyama ndimaiona kawiri pa mwezi. Munthu wamba achite bwanji?
*Mphunzitsi wa ku Dedza*

Aphunzitsi, keto ndi yodula ndithu, ndipo ichi n'chifukwa china chimene sitiilimbikitsira kwa anthu ambiri. Kuchepetsa thupi sikufuna nyama tsiku lililonse. Magulu 6 a zakudya amene achipatala amaphunzitsa ku sikelo ya ana, zokhutitsa, zanyama, zanyemba, masamba, zipatso ndi zamafuta, ndi okwanira. Vuto la mbale zathu n'lakuti gulu limodzi limadzaza mbale yonse, ndiwo n'kukhala zongonyowetsera mbamu.

Tsiku la makalori pafupifupi 1,600 lingakhale chonchi. M'mawa tiyi wopanda shuga wothira mkaka pang'ono, mazira awiri owiritsa ndi mbatata imodzi ya magalamu 150. Masana mtanda umodzi wa mgaiwa, kapu yodzaza ya nyemba, mpiru wochuluka, ndipo mafuta a zonsezi asapyole supuni yaikulu imodzi. Chakumadzulo nthochi imodzi, gwafa kapena chidutswa cha papaya. Usiku mtanda umodzi, usipa wophika ndi tomato ndi anyezi, nkhwani wotendera masupuni awiri a nsinjiro. Mazira akadula, soya wa m'mapaketi, chambiko, matemba kapena ngumbi pa nyengo yake zimalowa m'malo. Ngati mukufuna kutsitsanso sitachi, chotsani mtanda wa usiku muike maungu owiritsa ndi ndiwo zowonjezera.

Chofunika n'chakuti pa chakudya chilichonse pakhale chomanga thupi. Munthu wochepetsa thupi akamadya phala ndi masamba okhaokha amataya minofu pamodzi ndi mafuta, amafooka, ndipo njala siimupatsa mpata. Dzira lili ndi mapuloteni magalamu 6, kapu ya nyemba pafupifupi 15, ndipo nsomba zouma monga usipa zili ndi ochuluka kwambiri poyerekeza ndi mtengo wake. Musadumphe chakudya cha masana n'cholinga chosunga makalori ngati mukudziwa kuti pofika madzulo mudzamaliza mphika wonse.

Tiyi wochepetsa thupi amene amagulitsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp musatayirepo ndalama. Ambiri amakhala ndi mankhwala otsegula m'mimba kapena okodzetsa. Chimene chimatsika pa sikelo ndi madzi, ndipo kuwamwa nthawi yaitali kumasokoneza matumbo ndi mchere wa m'magazi.

Ndimathamanga katatu pa sabata koma mimba siikuphwa. Loweruka ndimamwa mabotolo asanu kapena sikisi.
*Mnyamata wa ku Chilomoni, Blantyre*

Achimwene, kuthamanga makilomita asanu kumatentha makalori pafupifupi 400 kwa munthu wa makilogalamu 80. Katatu pa sabata ndi 1,200. Botolo limodzi la mowa ndi pafupifupi 140, ndiye sikisi ndi 840, ndipo mukawonjezera kanyenya, mang'ina ndi tchipisi za usiku umenewo, kuthamanga kwa sabata yonse kwathera pamenepo. Mowa wa masese uli ndi sitachi yambiri pamwamba pa mowawo. Amene amasintha n'kuyamba kumwa mowa waukali poganiza kuti ulibe sitachi aiŵala makalori 7 aja a pa galamu. Kuthamanga musasiye, kumateteza mtima ndi minofu, ndipo kumathandiza kuti thupi lisabwerere likachepa. Onjezanipo masiku awiri olimbitsa minofu, ndipo mabotolo atsike kufika pa awiri. Masewera a pamimba amalimbitsa minofu ya pamimba koma sasankha mafuta a pamalo amenewo.

Chiyambireni kumwa ma ARV atsopano ndanenepa makilogalamu 9. Ndikuyamwitsanso mwana wa miyezi inayi ndipo ndimabayitsa jakisoni wolera. Ndisiye chiyani?
*Mayi wa ku Mulanje*

Mayi, mankhwala musasiye ngakhale tsiku limodzi. N'zoona kuti dolutegravir, amene ali m'ma ARV amene anthu ambiri akumwa tsopano, amanenepetsa ena, makamaka amayi. Kwinanso ndi thupi kubwerera mwakale kachilombo kakagonja. Jakisoni wa Depo nayenso amawonjezera thupi mwa amayi ena. Kauzeni achipatala kumene mumalandirira mankhwala, akuyezeni shuga ndi BP, ndipo mufunse za njira zina zolerera monga lupu.

Pamene mukuyamwitsa mwakathithi, thupi limafuna makalori pafupifupi 500 owonjezera pa tsiku kuti lipange mkaka. Keto ndi kudzimana chakudya si za nthawi ino, ndipo mayi woyembekezera asayese n'komwe kuchepetsa thupi. Zimene mungachite lero popanda kusokoneza mkaka ndi kuchotsa shuga wa mu tiyi ndi m'thobwa, kusiya zakumwa zozizira ndi mandasi, kuyeza mafuta ndi supuni, ndi kuyenda mphindi 30 mwana ali kumbuyo. Nsima, nyemba, nsomba, mazira ndi masamba idyani mokwanira. Mwana akakwanitsa miyezi 6 n'kuyamba phala, mukhoza kuyamba kutsitsa mitanda pang'onopang'ono, osapyola theka la kilogalamu pa sabata. Ngati mutaona thupi likutsika lokha musanasinthe kadyedwe, makamaka pamodzi ndi chifuwa, thukuta la usiku, ludzu losatha kapena kukodza pafupipafupi, pitani kuchipatala sabata yomweyo akakuyezeni TB ndi shuga.